Galu Wosowa Mbuye

Ku Mwambo, m'mbali mwa Nyanja ya Chilwa, galu alonda nyumba usiku, ndipo mphaka apirikitsa makoswe oboola matumba a mpunga. Koma galu wotayidwa ndi mbuye wake asanduka choopsa. Ayendayenda ndi njala, nalumana ndi anzake, natenga chiwewe, nthenda imene ipha munthu wolumidwa ngati achedwa kulandira katemera.

Ku Lilongwe kuli bungwe lotchedwa LSPCA, limene linayamba m'chaka cha 2008. Antchito ake atola agalu ndi amphaka osowa kwao. Awadyetsa, awachiza zilonda, awabaya katemera, ndipo awafula kuti asachulukane. Chiweto chikachira, achipereka kwa banja lolonjeza kuchisamala, ndipo chipezanso khomo lake. Bungwe lina, Mission Rabies, linayamba kubaya agalu ku Blantyre mu 2015, ndipo pambuyo pake linafika ku Zomba.

Tsono mwana wanzeru samgenda galu wosokera, ndiponso samgwira, koma auza akulu. Akalumidwa, atsuka balalo ndi sopo ndi madzi ambiri, nathamangira kuchipatala tsiku lomwelo.