TAMANRASSET, MUDZI WA M'CHIPULULU UMENE UMWA MADZI A KUTALI

Pakati pa chipululu cha Sahara, kummwera kwa dziko la Algeria, pali mapiri aakulu a miyala yokhayokha otchedwa Hoggar, ndipo m'tsinde mwake muli mudzi wa Tamanrasset. Mudziwu uli pamtunda, mamita pafupifupi 1,400 pamwamba pa nyanja yamchere, ndipo wochokera ku Algiers, likulu la dzikolo, ayenda makilomita oposa 1,900 kuti akafikeko. Mvula imene igwa kumeneko pachaka chathunthu ili ngati mamilimita 50 okha.

M'chaka cha 1905 wansembe wa ku France, dzina lake Charles de Foucauld, pofika pamalowa anapeza mabanja ngati 20 okhala m'timisasa pambali pa khwawa louma. Kalembera wa 2008 anapezapo anthu 92,635, ndipo chiyambire nthawi imeneyo nyumba zakhala zilikuonjezeka. Alendo apitako kukaona mapiri, manda akale ndi msika. Komatu wofuna kuudziwa bwino mudziwu ayenera kufunsanso kumene khamu lonseli litunga madzi.

CHIMENE CHINAKUZA MUDZI

Eni dziko ndiwo anthu a mtundu wa Tuareg, oweta ngamila ndi mbuzi, amene kale sanali kukhala malo amodzi. Amuna awo ndiwo afunda kumaso ndi nsalu yaitali, ndipo chinenero chawo chili ndi malemba akeake otchedwa Tifinagh. M'nthawi ya Afalansa mudziwu unali kutchedwa Fort Laperrine, ndipo unali malo a asilikali ndi ochita malonda owerengeka.

Dziko la Algeria litalandira ufulu mu 1962, zinthu zitatu zinasintha Tamanrasset. Choyamba, mu 1974 Boma linausandutsa likulu la chigawo, kotero kuti kunafika alembi, aphunzitsi, anamwino ndi asilikali pamodzi ndi mabanja awo. Chachiwiri, mseu wa phula wochokera kumpoto unafika mu 1978, ndipo ulendo wa magalimoto a katundu unafupika kwambiri. Chachitatu, chilala cha 1973 ndi cha 1984 chinapha ziweto zosawerengeka ku Mali ndi ku Niger. Abusa ambiri, pokhala opanda kanthu, anadza kudzamanga m'mphepete mwa mudzi, ndipo ena sanabwererenso. Pamwamba pa awa pali anthu a maiko ambiri a kummwera kwa Sahara, amene aima pano kufuna ganyu asanapitirire kumpoto.

Kukwera kwa malowa nakonso kukoka anthu. Pamene midzi ya m'chigwa monga In Salah ipsa ndi kutentha kopitirira madigiri 45, ku Tamanrasset dzuwa lilekerera, ndipo usiku kuomba kamphepo kozizira.

ZOONA M'KATI MWA MUDZI

Mlendo ayamba ndi nyumba ziwiri za Foucauld. Yoyamba ndi kanyumba kadothi kopapatiza kotchedwa La Frégate, kamene anamanga atangofika. Yachiwiri ndi linga la makoma aatali limene anamanga pa nthawi ya nkhondo yoyamba ya dziko lonse. Pakhomo pake ndi pamene anaomberedwa ndi mfuti pa 1 December 1916, gulu la achifwamba litamzinga. Munthuyu anatha zaka zoposa khumi alikulemba buku lomasulira mawu a chinenero cha Atuareg m'Chifalansa, limene linasindikizidwa m'mabuku anayi, ndipo ophunzira alitsegulabe kufikira lero. Papa Francis anamuika m'gulu la oyera pa 15 May 2022. Koma si onse amkumbukira mofanana, pakuti anali bwenzi la akuluakulu a nkhondo a France, ndipo ena amuyesa kalambulabwalo wa ulamuliro wa atsamunda.

Kumsika mlendo apeza zibangili ndi mikanda ya siliva, malupanga, zikwama zachikopa, nsalu za ku West Africa ndi tiyi. Chionetsero cha malonda chotchedwa Assihar chisonkhanitsa amalonda a ku Algeria, Mali ndi Niger, ndipo m'dera lino malonda osinthana katundu sanathe: zipatso za kanjedza ndi mchere zipita kummwera, ziweto ndi zokolola zidza kumpoto.

Wokonda nyimbo afunse za imzad, choimbira cha chingwe chimodzi chonga kaligo, chopangidwa ndi chipanda, chikopa ndi ubweya wa mchira wa kavalo. Mwambo wake ndi wakuti aliza ndi akazi okha, amuna nkumatula ndakatulo. Odziwa kuliza anatsala pang'ono kutha, ndipo chifukwa cha ichi m'mudzimu anatsegula nyumba yophunzitsira atsikana yotchedwa Dar el Imzad. Bungwe la UNESCO linalemba imzad m'kaundula wa chuma cha miyambo ya anthu mu 2013.

KUMAPIRI NDI KUMANDA

Ulendo umene mlendo aliyense afuna ndi wa ku Assekrem, phiri lathyathyathya pamwamba, lotalika mamita oposa 2,700, pa mtunda wa makilomita ngati 80. Mseu wake ndi wa miyala, woyenera magalimoto olimba okha, ndipo chigawo chotsiriza munthu akwera ndi miyendo. Pamwamba pali kanyumba kamiyala kamene Foucauld anakhalamo miyezi ingapo mu 1911. Anthu agona m'munsi mwake, nadzuka mbandakucha kukaona dzuwa likutulukira pakati pa nsonga zosongoka, zimene ndi zotsala za mapiri ophulika akalekale. Chapafupi pomwepo pali Tahat, phiri lalitali koposa onse m'Algeria, la mamita oposa 2,900.

Dera lonseli Boma linaliteteza mu 1987. M'makwawa ena muli maiwe osaphwa, monga a ku Afilal, momwe mukhala nsomba pakati pa chipululu. Pamatanthwe pali zithunzi za ng'ombe, njovu ndi nyama zina, zimene anthu akale anajambula dziko likali ndi msipu. Woperekeza alendo akaima kuti aphike, aumba mkate wotchedwa taguella, naukwirira mumchenga wotentha pansi pa makala. Pambuyo pake athira tiyi katatu, ndipo ulemu ndi kumwa matambula onse atatu.

Kumadzulo, pa mudzi wa Abalessa, pali manda a Tin Hinan, mkazi amene Atuareg a ku Hoggar amtcha kholo lawo. Pofukula mandawo mu 1925 anapezamo mafupa a mkazi wovala zibangili zisanu ndi ziwiri zasiliva kudzanja lina ndi zisanu ndi ziwiri zagolide kudzanja lina. Mafupawo anawatengera ku nyumba yosungiramo zakale ya Bardo ku Algiers. Ku Abalessa kunatsala makoma a miyala ndi zipinda zake.

Nyengo yabwino ya maulendowa ndiyo kuyambira October kufikira April, koma woyenda atenge zofunda, pakuti pamwamba pa mapiri madzi aundana usiku. Mlendo wa dziko lina saloledwa kulowa m'chipululu yekha. Ayenera kukhala ndi omperekeza ovomerezedwa ndi Boma. Lamuloli lili ndi chifukwa chake. Mu 2003 alendo 32 a ku Ulaya anagwidwa ndi zigawenga m'chipululu cha Algeria, ndipo nkhondo itabuka kumpoto kwa Mali mu 2012 alendo anachepa zedi, kotero kuti operekeza, ophika ndi eni ngamila ambiri anasowa pogwira.

KUMENE MADZI ACHOKERA

Kwa zaka zambiri mudziwu unadalira zitsime zokumbidwa m'makwawa, ndipo anthu atachuluka zitsimezo zinalephera. Mabanja anali kugula madzi kwa eni magalimoto a mathanki. Tsono Boma linaganiza zotenga madzi ku In Salah, kumene pansi pa mchenga pali madzi ochuluka. Mipopi yake inayalidwa pa mtunda wa makilomita ngati 750, ndipo pakuti In Salah ali m'chigwa, malo asanu ndi amodzi a makina opopa akankha madziwo kukwera mamita oposa 1,000. Ntchitoyi inatsegulidwa mu 2011. Anaipanga kuti iyambe ndi malita 50 miliyoni patsiku, ndi kuti m'tsogolo ithe kufika malita 100 miliyoni. Madziwo anali ndi kamchere, ndipo pambuyo pake anamanga malo ochotsera mcherewo.

Apa ndi pamene pagona nkhani. Madzi a pansi pa In Salah ndi mvula imene inagwa zaka zikwi zambiri zapitazo, Sahara isanaume monga ilili lero, ndipo imene ilowa pansi masiku ano ndi yochepa kwambiri poyerekeza ndi imene itungidwa. Nkhokwe ya madziyi ndi yaikulu ndithu, koma Tunisia ndi Libya atapamonso. Ndiponso moyo wa mudzi wonse wapachikika pa njira imodzi ya mipopi: makina akaima kapena mpopi ukaphulika pakati pa chipululu, sukulu, chipatala ndi nyumba za alendo zonse zimva ludzu pamodzi. Madzi atafika, anthu analimba mtima kumanga nyumba zina, ndipo nyumba iliyonse yatsopano ifuna mpopi wake.

Akuluakulu anati mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Wokaona dzuwa ku Assekrem abwerera kwao patapita sabata imodzi, koma mphunzitsi wotumidwa kuchokera kumpoto, mwana wa mbusa wa ku Niger ndi mkazi woliza imzad atsala. Kwa iwowa ntchito yaikulu ya Boma ndiyo kusamala makina asanu ndi amodzi aja, kutseka mipopi yodontha, ndi kuwerenga bwino nyumba zatsopano zisanapose madzi amene mipopiyo ingathe kusenza.