Pele, Mulungu Wamkazi wa Phiri la Moto

Omvera ambiri akamva dzina lakuti Pele, maganizo awo amathamangira kwa katswiri wa mpira wa ku Brazil uja amene adamwalira m'chaka cha 2022. Koma kuli Pele wina, wamkazi, amene mbiri yake idamveka zaka mazanamazana mpira usadafike n'komwe ku Brazil. Ameneyu ndiye mulungu wa moto ndi mapiri ophulika wa anthu a pa zilumba za Hawaii, pakati pa nyanja yaikulu ya Pacific. Achinyamata ena a ku America ndi ku Ulaya adamdziŵira m'mabuku a nthano zojambula, aja amatchedwa makomiki, m'mene adaoneka akuponyerana zibakera ndi ngwazi yaikazi, Wonder Woman. Eni zilumbazo sadamdziŵire m'buku ayi. Iwo amamutcha Tutu Pele, ndiye kuti Agogo a Pele, ndipo alipo amene amakamperekerabe nsembe mpaka lero.

Nthano ya m'bukumo idayenda motere. Wonder Woman, amene dzina lake lakwawo ndi Diana, adayambitsidwa ndi William Moulton Marston m'chaka cha 1941, ndipo mphamvu zake zimachokera kwa milungu ya Agiriki. Mai Gail Simone atalandira ntchito yolemba nthanozi ku kampani ya DC Comics kumapeto kwa 1907 kuphatikiza zaka zana, ndiye kuti 2007, adamuika Diana pa mpanipani: milungu yake idali itasoŵa, njira ya kwawo ku chilumba cha Themyscira idali yotsekeka, pamene mai ake adali pangozi. Diana adayenda napempha chithandizo kwa milungu ya mitundu ina, koma amene adamumvera ndi mmodzi yekha, Kane Milohai wa ku Hawaii. Iyeyu adampatsa chigoba cha nkhono chimene chidasanduka bwato, ndipo Diana adalumbira kuti adzamtumikira. Lumbirolo ndilo lidaputa tsoka, pakuti Zeus, mkulu wa milungu ya Agiriki, adapha Kane Milohai, namzula mtima, naumbira msilikali wake Achilles. M'chaka cha 2009, m'mabuku a nambala 35 ndi 36 ojambulidwa ndi Aaron Lopresti, ndi m'mene Pele adatulukira. Adampeza Diana mumzinda wa Tokyo, m'bwalo lobisika la nkhonya, namuuza kuti imfa ya atate ake ili pamutu pa iyeyo. Kampani ya Marvel nayo idali itamlembapo kale Pele m'chaka cha 1998, m'nthano za X-Force.

Nanga Pele weniweni wa eni ake ndi wotani? Poyamba ndi bwino kudziŵa kuti ngakhale Hawaii ali mbali ya United States of America, anthu ake si amodzi ndi mitundu yoyambirira ya kumtunda kwa America. Iwo ndi a mtundu wa Polynesia, abale a anthu a ku Tahiti ndi Amaori a ku New Zealand. Adali ndi ufumu wawowawo, umene udagwetsedwa m'chaka cha 1893. America idatenga zilumbazo mu 1898, ndipo mu 1959 zidasanduka chigawo cha 50 cha dzikolo.

Nkhani za Pele zidasungidwa m'mayimbidwe ndi m'gule wa hula, ndipo banja lililonse la oimba lidali ndi kafotokozedwe kake. Zambiri zimagwirizana kuti mai ake adali Haumea, ndi kuti iye adachokera kutali, ku dziko lotchedwa Kahiki, pa bwato lotsogozedwa ndi mlongo wake Kamohoali'i, mulungu wa nsomba yolusa ija ya shaki. Pa za Kane Milohai mpamene pali kusiyana. Ena amati adali atate ake, monga momwe buku la DC lidatengera, koma m'nkhani zambiri zakale iye ndi mlongo wake chabe, mmodzi wa a paulendowo. Mng'ono wake wokondedwa, Hi'iaka, adayenda ulendowo akali dzira, Pele atalifungatira kuti lisazizidwe.

Chimene chidamchotsa kwawo ndi mkangano ndi mkulu wake Namaka, mulungu wa nyanja. Pele atafika pa zilumba za kumpoto chakumadzulo, adayamba kukumba dzenje la moto wake ndi ndodo yake yotchedwa Paoa, koma madzi a Namaka adaloŵamo nazima motowo. Adasamuka ku Kauai kunka ku Oahu, kuchoka apo ku Molokai ndi ku Maui, ponseponse nyanja ili pambuyo pake, kufikira adakwera phiri la Kilauea pa chilumba chachikulu cha Hawaii. Kumeneko, m'chidzenje cha Halema'uma'u, madzi adalephera kumfika, ndipo ndiko kwawo mpaka lero.

Apa mpamene nthano imadabwitsa akatswiri a za miyala, chifukwa njira imene Pele adadzera ndiyo ndondomeko yeniyeni ya ukale wa zilumbazo. Kauai ali ndi zaka pafupifupi 5 miliyoni ndipo mapiri ake adazima kalekale. Chilumba cha Hawaii sichidakwanitse ngakhale miliyoni imodzi, ndipo chikali kuyaka. M'chaka cha 1963 katswiri wa ku Canada, J. Tuzo Wilson, adalongosola chifukwa chake. Pansi pa nyanjayo pali malo amodzi otentha koopsa, osasuntha, pamene khungwa la dziko limatsetsereka pamwamba pake kuloŵera kumpoto chakumadzulo masentimita oŵerengeka pa chaka. Motowo umaboola khungwalo nuumba phiri. Phirilo likasunthidwa limazima, nyanja niyamba kulidya, ndipo lina limabadwa kumbuyo kwake. Anthu amene adalibe makina opimira adaona ndi maso kuti kwina miyala njofumbwa, kwina njaiŵisi, nasunga nzeruyo m'mkangano wa pachibale wa moto ndi madzi.

Nkhani yaikulu koposa ndi ya Pele ndi Hi'iaka, imene Nathaniel Emerson adaisindikiza m'Chingerezi mu 1915. Pele adakonda mfumu ya ku Kauai, dzina lake Lohi'au, natuma Hi'iaka kukamtenga, atampatsa masiku 40. Hi'iaka adavomera, koma adapempha chinthu chimodzi: kuti nkhalango yake ya mitengo ya ohia ku Puna, pamodzi ndi bwenzi lake Hopoe, zisakhudzidwe. Ulendo udatalika chifukwa adakapeza Lohi'au atafa, nayamba wamuukitsa. Pele, nsanje itamdya, adaganiza kuti mng'ono wake wamlanda mwamuna, ndipo adatentha nkhalango yonse ndi Hopoe yemwe. Hi'iaka ataona phulusalo adakumbatira Lohi'au mkulu wake akupenya. Pele adapha mwamunayo namkwirira m'chiphalaphala, ndipo Hi'iaka adakumba phirilo mwaukali kufuna mtembo, miyala ili kuuluka. M'chaka cha 2008 katswiri wa mapiri ophulika, Don Swanson, adalemba kuti nkhaniyi ikuoneka kuti ikusimba zinthu ziŵiri zimene zidachitikadi: chiphalaphala chimene chidayenda zaka ngati 60 m'zaka za m'ma 1400 nichikwirira dera lalikulu la Puna, ndi kugwa kwa nsonga ya Kilauea cha m'ma 1500, kumene kudasiya chigwa chachikulu pamwamba pa phirilo.

Poyerekeza ndi zimenezi, Pele wa m'komiki ngwochepa. Mai Simone adagwira bwino mtima wake wapachala, ndiponso adachita bwino kuika chibale pakati pa nkhaniyo, pakuti mikangano yonse ya Pele nja m'banja. Chimene chidatayika nchakuti Pele si munthu wamphamvu woponya moto, amene angakwere ulendo kukamenyana ku Tokyo. M'chiyankhulo cha Chihawaii mawu akuti "pele" amatanthauzanso chiphalaphala chenichenicho. Iye ndiye phirilo. Amamutcha mkazi wodya dziko, komanso ndi yemweyo amene amabala dziko latsopano.

Mbiri yolembedwa ikuonetsa kulemera kwa chikhulupiriro chimenechi. Mu Disembala 1824 mfumukazi Kapi'olani, amene adali ataloŵa Chikhristu, adatsikira ku Halema'uma'u nadya tizipatso ta ohelo osayamba waponyerako Pele monga mwa mwambo, pofuna kuonetsa anthu ake kuti sadzafa. Sadafe, ndipo amishoni adaibukitsa nkhaniyo kutali. Komabe mu 1881, pamene chiphalaphala cha phiri la Mauna Loa chidayandikira mzinda wa Hilo, anthu adaitana Ruth Ke'elikolani wa ku banja lachifumu, amene sadasiye miyambo ya makolo. Iye adapita kumphuno kwa motowo, napereka moŵa wa brandy ndi mipango yofiira, ndipo posapita nthaŵi chiphalaphalacho chidaima mzinda usadapse. Mu 1990 anthu oposa 100 adamangidwa ku nkhalango ya Wao Kele o Puna pokana kuti makampani aboole pansi kufuna nthunzi yopangira magetsi. Kwa iwo kutero kudali kulasa thupi la Pele. Chaka chomwecho mudzi wa Kalapana udakwiririka. Mu 2018 Kilauea adatentha nyumba zoposa 700 ku Puna, nawonjezera maekala oposa 800 a mtunda pamene kale padali nyanja, ndipo panjira ya motowo padaoneka masamba ndi maluŵa a nsembe.

Ngakhale akatswiri a sayansi adabwereka dzina lake: timaulusi ta galasi timene mphepo imaulutsa kuchokera m'chiphalaphala amatitcha tsitsi la Pele, ndipo timadontho takuda touma amati misozi ya Pele. Koma si zonse zomveka za iye zili zakale. Mphekesera yakuti wotola mwala ku Kilauea amagwidwa ndi minyama mulibe m'nkhani za makolo. Idabuka m'zaka za m'ma 1900, alendo odzaona malo atachuluka. Chikhalirecho, chaka ndi chaka ogwira ntchito ku Hawaii Volcanoes National Park amalandira mitokoma ya miyala pa positi kuchokera ku maiko akutali, ina ili ndi makalata opepesa kwa Pele.