Mkungudza: Mtengo Wonunkhira Umene Ukutha

Ambiri a ife a m'mbali mwa nyanja tidaudziwa mkungudza tisanalione n'komwe phiri la Mulanje. Tidaudziwira pa matabwa a maboti, poti amisiri ankaukonda chifukwa suola msanga m'madzi.

Kodi chinsinsi chake n'chiyani? Ndi mafuta amene ali m'kati mwa mtengowu, omwe amatulutsa kafungo kokoma kaja. M'mafutamo akatswiri adapezamo mankhwala otchedwa cedrol, thujopsene ndi widdrol. Ife fungoli limatisangalatsa, koma chiswe ndi tizilombo tofumbula mitengo timalithawa. N'chifukwa chake thabwa lake limakhala zaka zambiri osafumbwa.

Mtengowu, umene asayansi amautcha Widdringtonia whytei, umamera wokha pa phiri la Mulanje basi, pamtunda wopitirira mamita 1,800, ndipo umatha kutalika mamita 40. Mbande zake zimafuna dzuwa, motero zimaphuka bwino pamene padadutsa moto. Koma moto wa chaka ndi chaka umazipha zisanakule.

M'chaka cha 1984 mkungudza udasankhidwa kukhala mtengo wa fuko lathu, komabe ocheka matabwa mozemba sadaleke. Pa kafukufuku wa mu 2017, paphiri ponse padapezeka mitengo ikuluikulu 7 yokha. Anthu a m'midzi yozungulira phirili akhala akudzalanso mbande, koma mkungudza umatenga zaka zambiri kuti ukhwime.

Choncho abale ndi alongo, wina akatitsatsa thabwa la mkungudza, tiyambe tamufunsa kumene lachokera. Tikamangogula osafunsa, adzukulu athu mtengowu adzangoumva m'nthano.