MPWEYA WOTSEKEREDWA: ZIMENE MLIMI AYENERA KUDZIWA

Inu alimi ndi matenanti nonse, kodi munadzifunsapo chifukwa chake tayala la ngolo limakonda kuphulika masana a mwezi wa Okutobala osati m'mawa? Nanga bwanji pampu yopopera mankhwala imafooka mankhwala asanathe? Zonsezi gwero lake ndi limodzi: khalidwe la mpweya.

Mpweya ndi tizinthu tating'onoting'ono tosaoneka timene timathamanga kosalekeza ndi kugunda m'mbali mwa chinthu chimene tatsekeredwamo. Kugunda kumeneku ndiko kumalimbitsa tayala. Pali zinthu zitatu zoyendera pamodzi: mphamvu imene mpweya ukukankha nayo, malo amene wakhalamo, ndi kutentha kwake. Mukasintha chimodzi, chinanso chimasintha.

Kuchepetsa malo

M'chaka cha 1662 Robert Boyle wa ku Ireland anaonetsa kuti mukapanikiza mpweya m'malo ochepa ndi theka, mphamvu yake imawirikiza kawiri, malinga kutentha kusasinthe. Malo akakula kawiri, mphamvu imatsika ndi theka.

Taganizirani pampu ya malita 10, ya mtundu umene mumayamba mwaupopa mpweya musanalowe m'munda wa thonje. Mukathiramo malita 8 a mankhwala, mpweya umatsala ndi malo a malita 2. Mukangopopera malita 2, malo aja afika 4, ndipo mphamvu yatsika kale ndi theka. Koma mukathira malita 6, mudzapopera malita 4 mphamvu isanatsike chotero. Mphamvu ikachepa, mankhwala amatuluka madontho akuluakulu amene amangogwa pansi, mbozi n'kutsala zamoyo. Chotero musapitirire mzere umene opanga pampu anaika.

Kuwonjezera kutentha

Mpweya ukatentha, tizinthu tija timathamanga kwambiri. Ngati watsekeredwa, mphamvu yake imakwera. Powerengera, onjezani 273 pa madigiri a Celsius. Tayala limene lili pa madigiri 27 m'mawa likafika 57 masana pa msewu wotentha, ndiye kuti lachoka pa 300 kufika pa 330. Mphamvu ya mpweya wa m'katimo yakwera ndi gawo limodzi mwa magawo 10. Tayala labwino limapirira, koma lakutha, lopopedwa mopitirira ndiponso losenza mabelo ambiri, limaphulika, fodya n'kugona pa njira.

Ngati mpweya sunatsekeredwe, umafutukuka. Zimenezi anazifufuza Jacques Charles wa ku France cha m'ma 1787, ndipo Joseph Gay-Lussac anazifalitsa mu 1802. Inu ochiza fodya m'mabalani a moto mumaziona chaka ndi chaka. Mpweya wa madigiri 27 ukatenthedwa ndi mapaipi kufika 70, monga pa nthawi youmitsa misempha ya masamba, umafutukuka pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 7. Tsono umapepuka, n'kukwera kudutsa m'masamba, n'kutuluka pa mabowo a kudenga utanyamula chinyontho. Mpweya wozizira umalowa pa mabowo a pansi. Mukatseka mabowo pa nthawi imene tsamba likutulutsa madzi ambiri, chinyontho chimabwerera pa fodya, amada, ndipo mtengo wake ku msika umatsika.

Kumbukirani izi:

1. Pimani ndi kupopa matayala m'mawa asanatenthe. Musaphwetse tayala chifukwa choti lalimba ndi dzuwa, pakuti likazizira lidzakhala lofewa.
2. Musasiye pa dzuwa pampu yopopedwa kale. Ikani pa mthunzi.
3. Tulutsani mpweya wonse musanatsegule chivundikiro cha pampu, kuopa kuti mankhwala angakuthovukireni m'maso.
4. Musaponye pa moto chitini chotseka kapena cha mankhwala ofayira udzudzu, ngakhale chioneke chopanda kanthu. Chimaphulika, ndipo chikhoza kuvulaza ana amene akuotha moto.

Mpweya suoneka, koma malamulo ake sasintha. Mukawatsata mudzasunga zipangizo zanu, mbewu zanu ndi moyo wanu womwe.