Safunsa Anadya Phula: Ulangizi wa Magemu Ndi Ntchito Yoyenera Ana Athu Aakazi

Palibe mayi wa ku Chileka kapena ku Lirangwe amene sakuidziwa nkhani iyi. Mwatuma mwana kuti akagule mchere ndi mafuta ophikira, ndiwo zili pamoto, koma mwana uja osabwera. Pomulondola mukampeza m'kanyumba ka magemu, kapena ali pakhonde la sitolo pamodzi ndi anzake, maso onse ali pa foni imodzi, za mchere ataiwala kale. Madandaulo a amayi pa khalidwe limeneli ndi omveka ndithu ndipo sitikuwatsutsa, pakuti nthawi ya sukulu ndi ya sukulu, ndalama ya ndiwo ndi ya ndiwo. Koma lero tikufuna kuti tisuzumire kuseri kwa masewerawa, tione anthu amene amapeza nawo chakudya. Pakati pa anthuwo pali gulu lina limene silipanga magemu ngakhale kuwagulitsa, koma limagulitsa nzeru. Amenewa ndi alangizi, ndipo ena mwa odziwika bwino pa ntchitoyi ndi amayi.

Malonda aakulu, zolakwa zodula

Tisanapite patali, tidziwe kukula kwa malondawa. Bungwe lofufuza za malonda lotchedwa Newzoo linawerengera kuti m'chaka cha 2023 anthu a pa dziko lonse anawononga ndalama zoposa madola 180 biliyoni pa magemu, ndipo pafupifupi theka la ndalamazo linachokera ku magemu a pafoni. Kupanga gemu yaikulu imodzi kumatenga zaka zingapo ndiponso anthu mazanamazana: olemba nkhani, ojambula zithunzi, oimba, ndi akatswiri a kompyuta. Tsono kampani imene yathira chuma chotere pa chinthu chimodzi imaopa kwambiri kulakwitsa, ndipo imalolera kulipira munthu wakunja amene angaichenjeze ngozi isanagwe.

Ntchito ya mlangizi si yachilendo kwa ife. Mlangizi wa zaulimi sakhala mwini munda, koma mawu ake amapulumutsa zokolola. Nankungwi sakhala mwini banja, koma amene wanyoza malangizo ake amadzalira pambuyo pake. Mlangizi wa magemu nayenso ali chimodzimodzi: gemu si yake, koma amaiyang'ana ndi diso limene eni ake alibe, nawauza pamene pali dzenje.

Nkhani ziwiri zionetsa mmene dzenjelo limakhalira lakuya. M'chaka cha 2002 kampani ya Microsoft inatulutsa gemu yomenyana yotchedwa Kakuto Chojin, imene m'nyimbo zake munali mawu a m'Korani. Asilamu ambiri anakhumudwa poona mawu opatulika atasakanizidwa ndi masewera a nkhonya, ndipo gemuyo inachotsedwa pa msika. M'chaka cha 2008 kampani ya Sony inagwa m'vuto lofanana nalo. Patangotsala masiku owerengeka kuti gemu ya LittleBigPlanet iyambe kugulitsidwa, kunadziwika kuti nyimbo ina ya Toumani Diabaté, woimba wa ku Mali, inali ndi mawu a m'Korani. Kampaniyo inaitanitsa katundu amene anali atatumizidwa kale, nichedwetsa tsiku logulitsa. Akuluakulu ananena kale kuti safunsa anadya phula.

Amayi amene atsogola

Mmodzi mwa anthu amene anaiona nkhani ya Kakuto Chojin ali mkati mwa Microsoft ndi Mayi Kate Edwards a ku America. Iwo maphunziro awo ndi a jogalafe ndi mapu, ndipo anagwira ntchito ku kampaniyo kuyambira mu 1992 mpaka mu 2005, akuyang'anira kuti katundu wake asakhumudwitse maiko ndi mitundu ya anthu. Atachoka kumeneko anayamba bizinesi yawoyawo ya ulangizi, imene pambuyo pake inadziwika ndi dzina loti Geogrify, yothandiza makampani a magemu pa nkhani za malire a maiko, zipembedzo, mbiri ndi miyambo. Kuyambira mu 2012 mpaka mu 2017 anatsogolera bungwe la opanga magemu a pa dziko lonse la IGDA. Chofunika kuchiona apa ndi chakuti mayiwa sanalowe m'malondawa chifukwa cha luso losewera magemu, koma chifukwa chodziwa bwino anthu ndi maiko awo.

Tisaganize kuti zimenezi ndi za kutsidya kwa nyanja kokha. Ku Zambia kuno, kumene ku Lusaka ndi ku Chipata amalankhula chinenero chimene tonsefe timamva, kunachokera Mayi Sithe Ncube. Iwo anayambitsa gulu la Ubongo Game Lab mumzinda wa Lusaka lophunzitsa achinyamata kupanga magemu, kenaka anakhazikitsa Prosearium, ntchito yolemba mbiri ya amayi a mu Africa amene akugwira ntchito za magemu. Mu 2020, kampani ya ku America ya Humble Bundle italengeza thumba la madola 1 miliyoni lothandizira anthu akuda opanga magemu, Mayi Ncube anasankhidwa kukhala mmodzi mwa alangizi a thumbalo. Mwana wamkazi wa m'dziko loyandikana nafe anafika pomafunsidwa nzeru ndi kampani ya ku America. Nanga wa ku Lirangwe angalephere bwanji?

Chuma chimene tili nacho kale

Wina angafunse kuti, kodi ife tingalangize chiyani anthu amene ali ndi makina oposa athu? Yankho lake lili m'mudzi mwathu momwemuno. Chileka ndi dera limene dziko lakunja linabwera kale kudzaphunzirako. M'chaka cha 1967 katswiri wofufuza za nyimbo wa ku Austria, Gerhard Kubik, anakumana ndi anyamata awiri apachibale a m'mudzi wa Singano, Daniel ndi Donald Kachamba, ndipo kuyambira pamenepo nyimbo zawo zinamveka mpaka ku Ulaya. M'mudzi womwewo Dr. Moya Aliya Malamusi anasonkhanitsa nthano, nyimbo ndi zipangizo zamakolo kwa zaka zambiri. Ndi ku Chileka komweko kumene kunachokera Robert Fumulani, Evison Matafale ndi gulu la Black Missionaries. Dera lotere silingakhale losowa chogulitsa pa msika umene ukufunafuna nkhani zatsopano ndi nyimbo zatsopano.

Kuti nthano ingasanduke gemu yopambana zinaoneka kale. M'chaka cha 2014 kunatuluka gemu yotchedwa Never Alone, yopangidwa mogwirizana ndi anthu a mtundu wa Iñupiat a ku Alaska. Nkhani yake inachokera mu nthano yamakolo, mwini nkhani ndi kamtsikana, ndipo wofotokoza amalankhula m'chinenero cha anthuwo. Akuluakulu a mtunduwo ndi odziwa kusimba nthano anakhala pansi ndi opanga gemuyo kuyambira pachiyambi, ndipo mu 2015 inalandira mphotho ya BAFTA ku Britain. Ku Cameroon nako, kampani ya Kiro'o Games inatulutsa gemu ya Aurion mu 2016, yotsamira pa miyambo ya mu Africa. Tsono ndani amene amasunga nthano za Kalulu ndi Fisi kuno kwathu? Ndani amadziwa nyimbo za pamtondo, zilapi, ndi masewera a phada ndi fulaye? Si agogo aakazi ndi amayi kodi?

Pali mitundu ingapo ya ulangizi imene mtsikana wophunzira angaganizire. Woyamba ndi wa chikhalidwe: kuuza kampani kuti chovala ichi si cha kuno, dzina ili ndi chipongwe, mwambo uwu suonetsedwa pagulu. Wachiwiri ndi wa chinenero: kumasulira mawu a m'gemu kuti amveke ngati olankhulidwa ndi munthu osati makina. Luso limeneli lilipo kale, pakuti tonse taonapo mafilimu akunja omasuliridwa m'Chichewa m'nyumba za mavidiyo, kungoti kampani yoona imafuna ntchito yololedwa ndi eni ake ndiponso yolembedwa pa pangano. Wachitatu ndi woyesa magemu asanatuluke, kufufuza zolakwika ndi kuzilemba mwadongosolo. Wachinayi ndi wa msika: kufotokozera kampani kuti anthu ambiri kuno ali ndi mafoni otsika mtengo, kuti intaneti ndi yodula, ndiponso kuti amalipira kudzera pa Airtel Money kapena TNM Mpamba osati pa makhadi a kubanki. Kampani ya Carry1st ya ku Cape Town, imene inayamba mu 2018, inakula makamaka chifukwa chomvetsa vuto la kalipiridwe limeneli.

Kayendetsedwe ka bizinesi yotere

Ubwino wa bizinesi ya ulangizi ndi wakuti sifuna sitolo, mashelefu kapena katundu wowola. Mpamba wake ndi maphunziro, kompyuta, intaneti yodalirika ndi mbiri yabwino. Komabe ili ndi malamulo ake, ndipo wowanyoza amagwira ntchito yathangata.

Choyamba, mlangizi asankhe chinthu chimodzi chimene akuchidziwa kuposa ena. Wonena kuti amadziwa za Africa yense sakhulupirika, koma wonena kuti amadziwa Chichewa, Chiyao ndi miyambo ya m'chigawo cha kummwera kwa Malawi amamveka. Chachiwiri, akhale ndi ntchito yoonetsa. Njira imodzi ndiyo kulowa nawo m'mipikisano yopanga timagemu ting'onoting'ono monga Global Game Jam, imene inayamba mu 2009 ndipo imachitika mwezi wa Januwale, pamene magulu amapanga gemu m'maola 48 okha. Kumeneko ndi kumene anthu amadziwana, ndipo m'malondawa ntchito zambiri zimabwera kudzera mwa anthu odziwana.

Chachitatu, bizinesi ilembetsedwe ku boma ndipo mwini wake atenge nambala ya msonkho ku MRA, pakuti kampani yakunja imafuna kudziwa amene ikumulipira. Chachinayi, pasakhale ntchito yopanda pangano lolembedwa. Panganolo linene ntchito yake, tsiku lomaliza, malipiro, ndi kangati kamene mlangizi angabwereze kukonza popanda kuonjezera mtengo. Alangizi ambiri amalipiritsa pa ola kapena pa tsiku, omasulira amalipiritsa pa liwu lililonse, ndipo ndi nzeru kupempha gawo lina la ndalama ntchito isanayambe. Ndi nzerunso kulemba mtengo m'ndalama yakunja ngati wolipirayo ali kunja, pokumbukira kuti mu Novembala 2023 kwacha inagwa ndi 44 peresenti tsiku limodzi. Ndalamayo idzere kubanki motsata malamulo a dziko.

Chachisanu ndi chinsinsi. Makampani a magemu amasainitsa pangano loti mlangizi asaulule kanthu za gemu imene sinatuluke, ndipo wotaya pakamwa kamodzi sapatsidwanso ntchito. Chachisanu ndi chimodzi ndi kusunga nthawi. Kampani ya ku London kapena ku Johannesburg simva zoti magetsi anazima, choncho mlangizi wanzeru amakhala ndi sola kapena batire, namaliza ntchito tsiku lisanakwane.

Zosagulitsa ndi zoyenera kusamala

Pali malire amene ndalama siziyenera kudumpha. Gule Wamkulu, amene bungwe la UNESCO linamulemekeza mu 2005 ngati chuma cha anthu onse, ali ndi zinsinsi za kudambwe zimene eni ake salola kuti zionekere poyera. Chimodzimodzinso malangizo a kuchinamwali. Mlangizi woona ndi amene amatha kuuza kampani kuti apa ayi, ngakhale itaonjezera malipiro. Ndipo pamene nthano kapena nyimbo yatengedwa kwa agogo, mafumu adziwitsidwe, agogowo alandire gawo lawo, ndipo dzina la mudzi litchulidwe. Lamulo la dziko lino loteteza ntchito za aluso la 2016 limakhudzanso zamakolo monga nthano, nyimbo ndi magule, ndipo bungwe la COSOMA ndi limene lingathandize munthu asanasaine kanthu.

Tinenenso mosabisa kuti msika wa magemu a m'Chichewa ukadali waung'ono, ndipo palibe amene angalemere nawo mwezi umodzi. Mtsikana woyamba ntchitoyi angachite bwino kuiphatikiza ndi ina, monga kumasulira mabuku kapena kuphunzitsa. Asamalenso ndi akathyali a pa intaneti olonjeza ntchito koma nafuna kuti munthu ayambe walipira: wolemba ntchito weniweni salipiritsa. Ndipo amayi tisiyanitse magemu ndi kubetcha. Kubetcha ndi juga, kumadya ndalama ya ufa, ndipo si zimene tikunena pano.

Udindo wa amayi

Njira yopita ku ntchitoyi imadzera m'kalasi. Mtsikana alimbikire Chingerezi, masamu ndi Chichewa chomwe, pakuti womasulira wosadziwa chinenero chake ndi mmisiri wopanda nkhwangwa. Maphunziro a kompyuta akupezeka ku MUBAS mumzinda wa Blantyre, ku MUST ku Thyolo ndi ku Yunivesite ya Malawi ku Zomba. Chitsanzo cha mayi wa kuno kwathu chiliponso: Mayi Rachel Sibande ndi amene anayambitsa mHub ku Lilongwe, malo oyamba m'dziko muno ophunzitsira ndi kulimbikitsa achinyamata pa luso la makompyuta.

Tsono amayi anzanga, mwana uja wochedwa ndi mchere mudzudzuleni ndithu. Koma mukatha kumudzudzula, mufunseni kuti gemu ija ikunena nkhani yanji, anthu ake avala chiyani, ndipo ikadakhala ya ku Chileka ikadasiyana pati. Foni ikapezeka pakhomo, isakhale ya anyamata okha pamene mtsikana ali pa mbale. Ndipo madzulo, mukatha kudya, muuzeni mtsikanayo atenge kope ndi cholembera akakhale pafupi ndi agogo ake, alembe nthano zimene adzasimbe usikuwo, ndi nyimbo zake zomwe, mmene agogowo azinenera.