Mukufuna angelfish zoti ziswane? Musatengeke ndi kukongola kokha

Mabanja ena m'mizinda ayamba kuika thanki yagalasi pabalaza n'kumawetamo nsomba zokongoletsa nyumba. Ana amazikonda, ndipo amaphunzirapo kusamalira chamoyo. Imodzi mwa nsomba zomwe zimakopa maso msanga ndi angelfish, nsomba yopyapyala ngati tsamba, ya zipsepse zazitali kumsana ndi kumimba, yosambira modekha ngati mkwatibwi.

Mavuto amayamba munthu akafuna kuti nsombazi ziswane. Ambiri amaloza ziwiri zokongola kuposa zonse, n'kudikira chaka chathunthu osaona dzira ndi limodzi lomwe. Ena mazira amawaona, koma tiana timafa sabata isanathe. Ndalama zalowa m'madzi, mwana naye akulira. Nthawi zambiri cholakwika chimakhala kuti chidachitika pa tsiku logula lomwelo.

Kwawo n'kuti?

Angelfish kwawo ndi ku South America, m'mitsinje ya m'zigwa za Amazon ndi Orinoco, m'madzi oyenda pang'onopang'ono odzaza ndi zomera komanso mizu ya mitengo. Ili m'banja la nsomba lotchedwa Cichlidae, banja lomwelo la chambo, mbuna ndi utaka za m'nyanja ya Malawi. Koma kaleredwe n'kosiyana. Chambo yaikazi imasunga mazira ndi tiana m'kamwa, pomwe angelfish imamata mazira pa tsamba lalikulu kapena pa mwala woimirira, ndipo yaimuna ndi yaikazi zimathandizana kulondera.

Mitundu yake yachilengedwe ilipo itatu. Pterophyllum altum ndiyo yaitali kuposa zonse, koma imafuna madzi apadera ndipo ngakhale akatswiri imawavuta kuswanitsa. Pterophyllum leopoldi ndi yaing'ono ndipo siipezekapezeka. Yomwe imagulitsidwa kwambiri ndi Pterophyllum scalare, yomwe thupi lake limafika masentimita 15, msinkhu wake kuchoka pa chipsepse chapamwamba kufika chapansi n'kufika masentimita 20. Maina ngati silver, gold, marble ndi koi onse ndi a scalare yemweyo, kungoti oweta akhala akusankha mawanga ndi maonekedwe kwa zaka zambiri. Ikasamalidwa bwino imatha kukhala zaka pafupifupi 10, choncho uku si kugula chidole.

Chinsinsi chagona m'chibadwa

Chamoyo chilichonse chimalandira malangizo a chibadwa kuchokera kwa makolo, omwe asayansi amawatcha majini. Awa si majini a mizimu ayi. Pa khalidwe lililonse, mwana amalandira jini limodzi kwa mayi ndi lina kwa bambo. Majini ena amaonekera ngakhale mwana atalandira limodzi lokha. Ena amabisala, ndipo amaonekera pokhapokha mwana akalandira awiri ofanana, lina uku lina uku.

Tengani chitsanzo cha gold, angelfish yachikasu. Jini lake ndi lobisala. Mukaswanitsa gold ndi silver yeniyeni, ana onse adzaoneka a silver, koma aliyense adzakhala atanyamula jini la gold. Awiri mwa anawo akadzakula n'kuswana, pa ana anayi alionse mmodzi amayembekezeka kukhala gold.

Odzipereka pa ntchito zaumoyo m'midzi, masamu awa si achilendo kwa inu. Umu ndi momwenso matenda a sickle cell amayendera m'mabanja. Bambo ndi mayi ooneka athanzi, onse atanyamula jini lobisala, pa mimba iliyonse pamakhala mwayi umodzi mwa inayi woti mwana abadwe ndi matendawa. Chialubino nacho chimatsata njira yomweyi. Palibe ufiti, palibe tsoka, ndipo si mlandu wa mayi yekha, poti majiniwo amachokera mbali zonse ziwiri.

Ndiye musankhe iti?

Kwa woyamba kumene, silver ndiyo yodalirika. Ndi yotuwa monyezimira yokhala ndi mizere yakuda yotsika, monga zimaonekera za kumtsinje. Ndi yolimba ndipo tiana take timapirira. Gold ndi marble, ya mawanga akuda ndi oyera osakanikirana, nazo sizivuta kwenikweni.

Koi, yoyera ya mawanga akuda ndi mutu wofiirira, imakopa ogula. Komabe kufiira kwakeko kumadaliranso chakudya ndi kasamalidwe, choncho musayembekezere kuti ana onse adzafanana ndi makolo.

Pa zakuda m'pofunika kusamala. Jini la mtundu wakuda likakhala limodzi, nsomba imakhala yoderapo ndipo imatchedwa black lace. Akakhala awiri, nsomba imada bii ndipo imatchedwa double dark. Yakuda biiyo ndiyo imasiririka, koma tiana take timakula mochedwa ndipo timafooka msanga. Mukaswanitsa black lace ziwiri, pa ana anayi mmodzi amakhala silver, awiri black lace, mmodzi double dark.

Nkhani ya zipsepse ndi chimodzimodzi. Jini limodzi la veil limapereka zipsepse zazitali zolendewera. Awiri amapereka superveil, ya zipsepse zazitali mopitirira muyeso, zomwe zimapindika, kung'ambika ndi kulemetsa nsomba posambira. Njira yabwino ndi kuswanitsa veil ndi ya zipsepse wamba. Pamenepo theka la ana limakhala veil, theka wamba, ndipo superveil sipezekapo.

Albino, yoyera ya maso ofiira, imabadwa pokhapokha makolo onse ali ndi jinilo. Tiana take sitiona bwino ndipo kuwala kwambiri kumativutitsa, choncho timavutika kupeza chakudya masiku oyamba. Imeneyi ndi ya munthu amene waleredwapo kale ndi silver.

Musagule ziwiri, gulani zisanu ndi imodzi

Angelfish yaing'ono siidziwika ngati ndi yaimuna kapena yaikazi. Chizindikiro chodalirika chimaoneka nthawi yoswana, pomwe kachubu kamatuluka kumimba. Ka yaikazi kamakhala kokulirapo ndi kobuntha, ka yaimuna kochepa ndi kosongoka. Mukagula ziwiri zazing'ono, mwayi woti ndi yaimuna ndi yaikazi ndi theka chabe. Mukagula zisanu ndi imodzi, mwayi woti mulipo zazimuna ndi zazikazi umafika pafupifupi 97 pa 100, ndipo nsombazo zimasankhana zokha zikakhwima, pakati pa miyezi 6 ndi 12.

Pogula, yang'anani nsomba yotambasula zipsepse, yothamangira chakudya, ya maso oyera ndi mimba yosafota. Pewani ya msana wokhota, ya timadontho toyera ngati mchere pathupi, ya zilonda, kapena yomwe chotsekera makha chake n'chachifupi moti kufiira kwa m'kati kukuonekera. Zilema zina zimapita kwa ana. Ngati n'kotheka, gulani kwa oweta awiri osiyana, chifukwa kuswanitsa zapachibale mibadwo ingapo kumasonkhanitsa majini obisala ofooketsa.

Thanki ndi madzi

Nsombayi ndi yaitali chokwera, choncho imafuna thanki yakuya masentimita osachepera 40. Yaimuna ndi yaikazi zoswana zimafuna malita pafupifupi 80 paokha, ndipo gulu la zisanu ndi imodzi limafuna malita 200 kapena kuposerapo. Madzi azitentha madigiri 26 mpaka 28. M'miyezi ya June ndi July, m'madera ozizira ngati Dedza ndi Mzuzu, popanda chotenthetsera madzi nsombazi zimasiya kudya n'kuyamba kudwala. Magetsi akazima, fundikani thanki ndi bulangete ndipo musazidyetse kwambiri. Kampope ka mpweya koyendera mabatire kamapulumutsa nsomba pa nthawi yotere.

Madzi a pampopi amakhala ndi klorini, yemwe amatiteteza ife ku kolera koma amapsereza makha a nsomba. Thiranimo mankhwala ochotsa klorini musanawaike m'thanki. Thanki yatsopano imafuna masabata anayi mpaka asanu ndi limodzi kuti mabakiteriya abwino amere mu sefa, omwe amasintha poizoni wa m'zitosi za nsomba kukhala wosaopsa kwambiri. Sabata iliyonse chotsani gawo limodzi mwa magawo anayi a madzi n'kuthiramo atsopano.

Musasakanize angelfish ndi mbuna ngakhale zili pachibale. Mbuna ndi zandewu, zimaluma zipsepse, ndiponso zidazolowera madzi osiyana ndi a ku Amazon.

Zikayamba kuswana

Mudzaona ziwiri zikupirikitsa zinzawo ndi kutsuka tsamba kapena mwala ndi pakamwa. Yaikazi imaikira mazira mazanamazana m'mizere, yaimuna n'kumatsatira pambuyo kuwapatsa mphamvu. Mazira amaswa pakatha masiku awiri kapena atatu, ndipo tiana timayamba kusambira patapita masiku ena pafupifupi asanu. Mazira osanduka oyera ndi akufa. Makolo achinyamata amakonda kudya mazira awo maulendo oyamba, makamaka akamadzidzimutsidwa, choncho uzani ana asamagogode galasi. Chakudya choyamba cha tiana ndi tizilombo tating'ono ta brine shrimp tongoswa kumene. Pezeranitu mazira ake nsomba zisanaikire.

Samalani thanzi la banja

M'madzi a thanki mumatha kukhala kachilombo ka Mycobacterium marinum, kachibale ka komwe kamayambitsa chifuwa chachikulu. Kamalowera pa bala la padzanja, ndipo pakatha masabata angapo pamatuluka chotupa chofiirira chosapola msanga, nthawi zina timatupa tina n'kumandandalika chokwera mkono. Sikafala kuchoka kwa munthu kupita kwa mnzake, koma mankhwala ake amamwedwa kwa miyezi ingapo. Mukapita kuchipatala ndi chotupa chotere, nenani kuti mumaweta nsomba, chifukwa popanda mawu amenewo ife achipatala timayamba taganizira matenda ena. Amene chitetezo chawo cha m'thupi n'chotsika, monga ena omwe ali ndi HIV kapena akulandira mankhwala a khansa, avale magolovesi aatali kapena asiyire ena ntchito yotsuka thanki.

Madziwa amathanso kukhala ndi Salmonella, woyambitsa kutsekula m'mimba. Musakoke madzi ndi pakamwa pa paipi, musatsukire ziwiya za thanki pamalo otsukira mbale, ndipo aliyense asambe m'manja ndi sopo akamaliza. Zimitsani ndi kuzula zamagetsi musanapise dzanja m'madzi. Chidebe cha madzi musachisiye poyera, chifukwa mwana wokwawa amatha kumira m'madzi ochepa, komanso udzudzu umaswana m'madzi odikha.

Ana a nsomba akachuluka

Angelfish ziwiri zathanzi zimatha kuikira pakangopita masabata awiri, ndipo posakhalitsa mumakhala ndi nsomba zoposa malo anu. Dziwiranitu komwe mudzazigulitse kapena kuzipereka. Chomwe simuyenera kuchita ndi kukazitaya mumtsinje, m'damu kapena m'nyanja. Nsomba ya Nile perch itaikidwa m'nyanja ya Victoria m'zaka za m'ma 1950, mitundu yambiri ya nsomba za m'banja la chambo idatheratu. Nyanja yathu ili ndi mitundu mazanamazana yosapezeka kwina kulikonse, n'chifukwa chake Lake Malawi National Park idaikidwa pa mndandanda wa malo a chuma cha dziko lonse wa UNESCO mu 1984. Nsomba yachilendo, ngakhale yaing'ono, imatha kubweretsa matenda omwe nsomba zathu sizidakumanepo nawo.

Yambani ndi silver kapena marble zisanu ndi imodzi za zipsepse wamba. Mukalera bwino m'badwo woyamba mpaka kukula, zakuda bii ndi za maso ofiira zija mudzazipeza zikukudikirani.