Kukhazikitsa Kampani: Mapangano Ayambe, Ndalama Pambuyo

Aliyense amene anafikako ku Lobi, m'boma la Dedza, adziwa kuti nthaka ya kumeneko siumira. Mbatatesi, kabichi, matimati, anyezi ndi nyemba zimachoka m'madimba ndi m'minda n'kukadyedwa m'mizinda. Koma phindu lalikulu limatsalira mwini galimoto amene amadzapikula mbewuzo. N'chifukwa chake achinyamata otsiriza sukulu, ngakhalenso aphunzitsi, amalakalaka kusonkherana ndalama kuti agule lole yawoyawo. Maganizowa ngabwino, koma ndalama za anthu ambiri zifuna khola, ndipo khola limodzi limene lamulo linakonza ndilo kampani.

Kodi kampani n'chiyani? Pamaso pa lamulo, kampani ili ngati munthu woima payekha, wosiyana ndi eni ake. Ikhoza kugula katundu, kukongola ndalama, kusuma kapena kusumiridwa m'dzina lake. Mfundoyi inakhazikika ku England m'chaka cha 1896 pa mlandu wa Aron Salomon, wosoka nsapato wa ku London. Kampani yake itagwa, anthu amene anaikongoza anafuna kuti iye abweze ngongolezo kuchokera m'thumba mwake, koma bwalo la House of Lords linagamula kuti ngongole za kampani n'za kampani. Ndilo tanthauzo la liwu lakuti Limited kumapeto kwa dzina: kampani ikagwa, mwini masheya ataya zokhazo zimene analonjeza kuikamo. Ng'ombe zake ndi nyumba yake sizikhudzidwa, pokhapokha ngati anazipereka yekha ngati chikole cha ngongole.

Tisasokoneze kampani ndi njira zina ziwiri. Kulembetsa dzina la bizinesi potsata lamulo la 2012 sikumsiyanitsa munthu ndi bizinesi yake. Ngongole ikakula, katundu wa m'nyumba apita. Kopaletivi ili ndi lamulo lake la 1998, ndipo m'menemo membala aliyense ali ndi voti imodzi. M'kampani, kawirikawiri mawu a munthu amalemera molingana ndi masheya ake.

Kuno ku Malawi makampani amayendera lamulo la Companies Act la 2013, limene linayamba kugwira ntchito mu 2016 m'malo mwa lamulo la 1984. Lamuloli limalola ngakhale munthu mmodzi kukhazikitsa kampani. Choyamba, oyambitsa asankhe dzina losafanana ndi la kampani ina. Chachiwiri, asankhe madayirekitala, amene ndiwo oyendetsa ntchito, ndi malo amene makalata a kampani azifikira. Chachitatu, agwirizane za masheya: onse akhala angati, ndipo yense atenga angati. Chachinayi, apereke zikalata zawo kwa Mlembi wa Makampani ndi kulipira ndalama zolembetsera. Satifiketi ikatuluka, kampani yabadwa, ndipo chotsala ndicho kutenga nambala ya msonkho ku MRA ndi kutsekula buku la kampani ku banki. Chaka ndi chaka kampani iyenera kutumiza lipoti lake kwa Mlembi uja.

Zonsezi n'zosavuta kwenikweni. Pogona nkhani ndi pa zikalata ziwiri zolamulira kampani. Choyamba, chotchedwa Memorandum of Association, ndicho umboni wakuti anthu akutiakuti agwirizana kupanga kampani ndi kutenga masheya. Chachiwiri, chotchedwa Articles of Association, ndicho malamulo a m'nyumba: misonkhano iitanidwa bwanji, dayirekitala asankhidwa ndi kuchotsedwa motani, phindu ligawidwa liti, masheya asinthana manja bwanji. Ambiri amangosaina malamulo okonzeratu osawawerenga. Awa ali ngati munthu wogula nsapato osayesa phazi.

Tiyerekeze kuti anthu asanu a ku Lobi agula lole. Atatu asonkha ndalama zofanana, wachinayi wasonkha mowirikiza, wachisanu alibe ndalama koma ndiye dalaivala. Kodi thukuta la dalaivalayu lilipidwa ndi masheya kapena ndi malipiro a pamwezi? Ndani asaine potapa ndalama ku banki, mmodzi kapena awiri? Wina akafuna kutuluka, kodi ayambe wagulitsa masheya ake kwa anzake asanapite kwa mlendo, ndipo mtengo autchule ndani? Nanga wina akamwalira? Kwathu kuno, kumene mwambo umalemekeza mbumba ndi mwinimbumba, adzukulu akhoza kuganiza kuti lole ya amalume ndi yawo, pamene lamulo la chuma cha masiye la 2011 limaika patsogolo mkazi kapena mwamuna wa malemu ndi ana. Ndiponso loleyo si ya malemu, ndi ya kampani. Cholowa ndi masheya okha. Mafunso otere akayankhidwa pa pepala anthu akali kusekerana, ubale umapulumuka. Akadikira tsiku la maliro kapena la ngongole, yense amakumbukira pangano mwa njira yake.

Tsono inu otsiriza sukulu, musathamangire satifiketi. Khalani pansi, werengani ndime iliyonse, imasulireni m'Chichewa kuti amene sanapite patali ndi sukulu amve, ndipo ngati n'kotheka loya aione musanasaine. Inunso aphunzitsi, amene anthu a kumudzi amakudalirani powerenga makalata, athandizeni pa ntchitoyi. Walira mvula walira matope: wofuna phindu la kampani alandirenso malamulo ake.

M'chigawo chotsatira tidzaona udindo wa madayirekitala ndi kasungidwe ka mabuku a ndalama.